Makaniko wa ku Monkey Bay: waluso, koma wochedwa

Injini ya boti langa inasiya kukodza, kutanthauza kutulutsa madzi oiziziritsa, tili pakati pa nyanja, kenako inayamba kutentha. Ndinazimitsa, tinabwerera ndi nkhafi.

Makanikoyu sanathamangire kumasula. Anayamba watokosa kabowo kotulukira madzi ndi nayiloni wa mbedza, n'kusuzumira polowera madzi ngati pamata jumbo kapena udzu. Panalibe kanthu. Atagwetsa mwendo wa injini, mbali ya m'munsi yolowa m'madzi ija, tinapeza impeller, kalabala kopopa madzi kaja, mapiko awiri atathothoka.

"Achimwene, mumakocheza pamchenga injini ikulira eti?" Ndinangoseka, poti n'zoona.

Chinandikhutiritsa n'choti anasakasaka tizidutswato mpaka kutipeza, kuopa kuti tingakatseke njira ya madzi. Thermostat, yomwe imatsegulira madzi njira injini ikatentha, anaiviika m'madzi otentha, inatseguka bwinobwino, ndiye sanandigulitse ina. Koma pa nthawi musamudalire. "Mawa m'mawa" wake anakwana Lachinayi, usipa ukundidutsa.