Miyezi 9 mabokosi a magemu akale ali pashelefu: dzuwa landilanda Sonic

Bokosi la gemu ya Sonic lasuluka mbali imodzi. Ndinazindikira mu Julayi nditalitsitsa kuti ndipukute fumbi. Nsapato zake zija zinali zofiira psuu, pano zayerayera ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri, pomwe thupi lake la buluu lili momwemo. Vuto ndi langa pang'ono, komanso la amene anandigulitsa timabokosi ta pulasitiki toonekera mkati, amene analemba kuti timateteza kudzuwa. Sititeteza ayi.

Kwa amene sanaone zomwe ndinalemba mu Okutobala chaka chatha: ndinatolera magemu anayi akale kuno ku Leeds, ena pamsika wa Lamlungu womwe anthu amagulitsira katundu wakale kumbuyo kwa galimoto, ena pa intaneti. Cholinga sichinali kusewera, ndimangofuna zithunzi za pazikuto. Ndi Sonic the Hedgehog wa 1991 ndi Ecco the Dolphin wa 1992, onse a Mega Drive, Super Mario Bros. wa NES, ndi Ico wa PlayStation 2 (Mega Drive, NES ndi PlayStation 2 ndi makina osewerera magemu pa TV). Ndinawayalika pashelefu pabalaza, moyang'anizana ndi zenera. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Inki yofiira ndi yachikasu ndi imene imatha msanga padzuwa, ya buluu imakhalitsa, n'chifukwa chake mapositala akale a m'mawindo a masitolo amasanduka obiriwira ngati thambo. Ndinkazidziwa zimenezi, koma ndinkati dzuwa la ku England ndi dzuwa lanji.

Timabokosi ta pulasitiki tija pafumbi ndi pa kukalika tagwira ntchito. Pachinyontho tinalephera. Mabokosi a Mega Drive ndi a pulasitiki yolimba, pepala la chithunzi limalowa kunsi kwa kachikopa koonekera, ndiye nyengo yozizira anaidutsa bwinobwino. La Mario ndi la katoni, ndipo pofika Febuluwale ngodya imodzi inali itatupa. Ndinaponyamo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyontho, tomwe timabwera mu nsapato zatsopano, kutupako kunalekeka, koma ngodyayo sinabwererenso.

Chomwe sindinayembekezere n'choti maso anga asintha maganizo. Mu Okutobala ndinkatamanda Ecco kuposa onse. Anajambula ndi Boris Vallejo, mmisiri wa ku Peru wodziwika ndi zithunzi za ankhondo a minofu yotukuka, ndipo dolphin wake amanyezimira ngati chitsulo chopukutidwa. Mlendo aliyense wolowa m'nyumba ankayambira pamenepo. Koma ine ndinasiya kuliona. Chithunzicho chimakupatsa zonse tsiku loyamba, mawa lake palibe chatsopano.

Mario ndinkamunyoza. Bokosi lakuda bii, pakati kamunthu kopangidwa ndi timabokosi tikuluikulu monga momwe kamaonekera pa TV, basi. Ndinkati ndi ulesi. Koma taganizani nthawi yake. Kuyambira 1977 magemu a makina a Atari 2600 ankabwera ndi zikuto zopentedwa mwaluso ndi anthu ngati Cliff Spohn: ndege zankhondo, akasinja, nkhope za anthu otuluka thukuta. Ukafika kunyumba n'kuyatsa, umapeza timadontho tiwiri tikuthamangitsana. Msika wa magemu ku America unagwa mu 1983, ndipo kampani ya Nintendo itabweretsa NES kumeneko mu 1985 inaika pachikuto chinthu chenicheni chomwe wogula akachione pa TV. Izi zimandikhudza chifukwa ife tili ana ku Blantyre tinkasewera TV game ya makatiriji achikasu olembedwa 9999 in 1, opanda bokosi n'komwe. Pasitika pamakhala asilikali ndi mfuti zikuluzikulu, mkati magemu ochepa omwewo akungobwerezedwa ndi mayina ena. Munthu wokula ndi bodza limenelo amafika pomulemekeza Mario wa timabokosiyu.

Koma amene wandigwira ndi Ico. Langa ndi la ku Ulaya, la 2002, la katoni lokhala ndi makadi a zithunzi mkati. Chithunzi cha pachikuto anachijambula yekha Fumito Ueda, amene anatsogolera kupanga gemuyi, potengera kajambulidwe ka Giorgio de Chirico wa ku Italy. Anthu awiriwo, mnyamata ndi mtsikana, ndi ang'onoang'ono kwambiri, agwirana manja akuthamanga pabwalo lopanda munthu wina aliyense. Pamwamba pawo pali makoma aatali ndi chigayo choyendera mphepo, ndipo zithunzithunzi zawo zatalika ngati dzuwa lapendeka. Nkhope sizioneka. Sabata yoyamba ndinkaona nyumbazo. Patapita miyezi ndinayamba kuona kukula kwa malo opanda kanthu, ndi mmene ana awiriwo achepera pakati pake. Masiku ena chimaoneka ngati akuthawa, masiku ena ngati akusewera. Mwana wanga wamkazi wa zaka 6, yemwe gemuyi sanaionepo ikuseweredwa, anandifunsa tsiku lina kuti, "Adadi, amayi awo ali kuti?" Ndinasowa choyankha.

Ku America gemu yomweyi inatuluka mu Seputembala 2001, chithunzi cha Ueda chisanathe, ndiye anaikapo nkhope ya mnyamata wa nyanga yopangidwa pa kompyuta, atakwinya ngati akufuna ndewu. Mukaziika pamodzi ziwirizi simunganene kuti mkati muli gemu imodzi. Amene mukufuna kugula Ico kuti muziyang'ana chikuto, funsani kaye kuti ndi la ku Ulaya kapena la ku Japan.

Timabokosi ta pulasitiki ndingagulenso, poti ndi totchipa ndipo zala za ana sizifika pakatoni, koma osati chifukwa cha zomwe wogulitsa analemba. Shelefu ndinaisamutsira mukhonde la mkati momwe mulibe zenera, kutali ndi khoma lomwe limazizira. Mayi a kunyumba anaseka kuti ndawononga ndalama pa zinthu zomwe tsopano zimaoneka pokhapokha munthu akupita kubafa. Sonic ndamuika kumapeto, mbali yosulukayo yabisika kuseri kwa Ecco, ndipo Ico ali pakati, pansi pa getsi.