Doctolib: chida chothandiza Mngelezi kupeza dokotala ku France, ngakhale sichimuuza zonse

Mngelezi amene wasamukira ku France, kaya ndi wopuma pa ntchito amene wagula nyumba yakale ku Dordogne, dera la kumidzi la kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo, kapena ndi wantchito wa mumzinda wa Paris, sachedwa kukumana ndi nkhani ya dokotala. Kwawo anazolowera kulembetsa pa chipatala chimodzi cha m'dera lake cha NHS, dongosolo la zaumoyo la boma la Britain, kuimba foni m'mawa popempha malo, ndi kuonana ndi dokotala popanda kupisa m'thumba. Ku France zinthu zimayenda mwa njira ina, ndipo anansi ake akafunsidwa kuti dokotala apezeka bwanji, ambiri amangotchula dzina limodzi: Doctolib.

Doctolib ndi kampani ya ku France komweko imene inayamba mu 2013, ndipo ntchito yake ndi yolumikiza odwala ndi madokotala, madokotala a mano, azamba ndi akatswiri ena kudzera pa intaneti kapena pa foni ya m'manja. Wodwala salipira kanthu poigwiritsa ntchito, chifukwa amene amalipira mwezi ndi mwezi ndi madokotala omwe aikapo mayina awo. Anthu ochuluka anaidziwa mu 2021, pamene inali imodzi mwa njira zikuluzikulu zosungitsira malo okalandira katemera wa Covid-19.

Ubwino wake waukulu kwa munthu amene Chifalansa chake chidakali chopunduka ndi wakuti imamuchotsera mtolo woimba foni. Kulankhula ndi mlembi wa dokotala pa foni ndi mayeso ovuta ngakhale kwa amene amatha kugula buledi ndi kucheza ndi anansi, pakuti mlembiyo amayankhula mothamanga, amatchula masiku ndi maola motsatizana, ndipo sangaone nkhope ya woimbayo kuti azindikire kuti wasokonezeka. Pa Doctolib munthu amaona yekha masiku amene dokotala ali ndi mpata, amasankha ola lake modekha, ndipo amalandira uthenga womukumbutsa tsiku likayandikira. Angathenso kuika ana kapena mkazi wake pa akaunti yomweyo, ndi kupempha kuti adziwitsidwe ngati wodwala wina wasiya malo a tsiku lapafupi. Palinso posankhira zilankhulo zimene dokotala amayankhula. Apa mpofunika kusamala pang'ono, chifukwa dokotala ndi amene amalemba yekha kuti amadziwa Chingelezi, ndipo kudziwako kumasiyana kwambiri pakati pa wina ndi mnzake.

Pamene Angelezi ambiri amapunthwa ndi pa ndalama, ndipo apa Doctolib imaonetsa mfundo zake koma siziphunzitsa. Tsamba la dokotala limasonyeza ngati iye ali mu secteur 1 kapena secteur 2. Wa mu secteur 1 amatsata mtengo umene anagwirizana ndi Assurance Maladie, bungwe la boma la inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo kuyambira mu Disembala 2024 kuonana ndi dokotala wa matenda wamba ndi mayuro 30. Bungweli limabweza 70 peresenti, ndiye kuti mayuro 21, koma limachotsapo mayuro 2 amene wodwala amasenza yekha, kotero ku banki kumabwera mayuro 19. Mayuro 9 otsalawo amabwezedwa ndi mutuelle, inshuwalansi yowonjezera imene munthu amadzigulira kapena kupatsidwa ku ntchito. Wa mu secteur 2 amaloledwa kuwonjezera mtengo, ndipo m'mizinda ikuluikulu akatswiri ambiri ali m'gulu limeneli. Munthu wozolowera NHS amene sanawerenge mzere umenewo amadzidzimuka akamva ndalama yoti alipire asanatuluke m'chipinda cha dokotala.

Nkhani ina imene tsambali silikakamiza munthu kuimvetsa ndi ya médecin traitant, dokotala wake weniweni amene ayenera kulembetsedwa ku Assurance Maladie. Popeza Doctolib imachititsa kuti kudumpha kuchoka kwa dokotala wina kupita kwa wina kukhale kosavuta, mlendo angaganize kuti palibe chifukwa chokhalira ndi mmodzi. Koma amene alibe dokotala wotere, kapena amene wapita kwa katswiri popanda kutumizidwa ndi iye, nthawi zambiri amabwezeredwa 30 peresenti yokha. Ndiponso kusungitsa malo pa Doctolib sikutanthauza kuti munthu walowa m'dongosolo la boma. Wopuma pa ntchito amene amalandira penshoni ya boma la Britain ayenera kukapereka fomu ya S1, yosonyeza kuti Britain ndiye alipira chithandizo chake, ku CPAM, ofesi ya Assurance Maladie ya m'dera lake, ena amalowa atakhala m'dzikomo miyezi itatu, ndipo kufikira khadi lobiriwira la inshuwalansi ya boma, lotchedwa carte Vitale, litafika, dokotala amapereka pepala la feuille de soins loti wodwala atumize yekha ku CPAM pa positi kuti abwezeredwe ndalama.

Kufooka kwenikweni kwa chidachi kumaonekera kumidzi, komwenso Angelezi ambiri amakonda kukhala, monga ku Creuse, Charente ndi Dordogne. Madera amenewa ali ndi madokotala ochepa, ndipo Afalansa eni ake amawatcha zipululu za zachipatala. Munthu angafufuze pa Doctolib n'kupeza kuti madokotala onse apafupi alemba kuti salandira odwala atsopano, pomwe ena okalamba sapezeka n'komwe pa intaneti. Ili si vuto lochititsidwa ndi kampaniyi, koma limachepetsa phindu lake. Kuonana ndi dokotala pa vidiyo kumathandiza pa chifuwa kapena pofuna kulembedwanso mankhwala, koma sikungalowe m'malo mwa dokotala wokupima ndi manja. Kumidzi kotere, wogulitsa mankhwala wa pa pharmacie ndi ogwira ntchito pa mairie, ofesi ya meya wa m'deralo, amadziwa bwino dokotala amene angalandire munthu watsopano, bola wofunsayo ayambe ndi moni wa bonjour, umene Afalansa saulekerera ukasowa.

Kwa wokhala mumzinda, ine ndingalangize kuti atsegule akaunti mlungu woyamba, asanadwale, ndi kusankha dokotala wa secteur 1 amene angavomere kukhala médecin traitant wake. Wakumudzi aigwiritse ntchito makamaka pofuna akatswiri a m'tauni yapafupi. Pa matenda adzidzidzi Doctolib ilibe gawo: nambala yoimba ndi 15, ya SAMU, bungwe la chithandizo chamwamsanga, kapena 112.