MASS Design Group: kodi ntchito yawo ya mapulani ndi yotani?

Amene anafikapo pa chidikiro cha amayi oyembekezera pa chipatala cha boma ku Kasungu anaona kale ntchito ya kampaniyi, ngakhale sadziwa dzina lake. Nyumbazi zinatha kumangidwa mu 2015, ndipo mapulani ake analemba ndi a MASS Design Group, omwe maofesi awo akuluakulu ali ku Boston ndi ku Kigali.

Anthu a MASS anakhwima pa ntchitoyi kudzera pamalo omangira. Michael Murphy ndi Alan Ricks anali akadali ophunzira ku yunivesite ya Harvard ku America pamene anayambitsa gululi ndi anzawo mu 2008, atapita ku Rwanda kukagwira ntchito ndi bungwe la zaumoyo la Partners In Health la Dr. Paul Farmer. Chipatala cha Butaro ku Rwandako, chomwe analemba mapulani ake ndipo chinatsegulidwa mu 2011, ndicho chinali sukulu yawo yeniyeni. Christian Benimana, wa ku Rwanda komweko, anakaphunzira ku Tongji University ku Shanghai chifukwa kwawo kunalibe sukulu ya mapulani pa nthawiyo. Atabwerera analowa gululi, ndipo anakwera mpaka kukhala mmodzi wa atsogoleri ake. Wachinyamata amene akuphunzira za mapulani ku MUBAS aone bwino njirayi.

Ku Butaro anachotsa makolido a m'kati, odwala n'kumadutsa panja pa khonde. Chifukwa chake n'chakuti mpweya wa m'kolido yotsekeka ndi umene umafalitsa chifuwa chachikulu. Denga analikweza, mawindo ena anawaika m'mwamba kuti mpweya wotentha uzituluka wokha, magetsi akhalepo kapena azime.

Ku Kasungu ndi kumene ine ndimawayamikira kwambiri. Pulani yakale ya chidikiro inali chinyumba chimodzi chachitali, mabedi ndondondo ngati kumsasa wa asilikali. Iwo anachigawa kukhala timagulu ta zipinda zing'onozing'ono zozungulira bwalo, ngati pamudzi. Anazindikira kuti mayi wodikira nthawi yake sagona tsiku lonse: amaphika, amachapa, amacheza, ndipo sabwera yekha, amabwera ndi gadiyani. N'chifukwa chake malata anawatulutsa patali kuti pansi pake pakhale mthunzi wokhalapo masana ndiponso pobisala mvula. Khoma ndi la njerwa za dothi zopanikiza ndi makina, zosawotcha, choncho palibe mtengo umene unagwetsedwa kuti ukhale nkhuni za uvuni.

Njerwa zimenezi zimafuna mwambo, ndipo apa ndi pamene ambiri otengera nzeruyi amalakwitsa. Dothi limasefedwa kaye, kenako n'kusakaniza ndi simenti pang'ono, kawirikawiri magawo 5 mpaka 8 pa 100 alionse, madzi ongonyowetsa basi. Mukafumbata dothilo m'manja lizigwirana koma lisadonthe. Njerwa ikatuluka m'makina imafunditsidwa pulasitiki, kuthiriridwa madzi, n'kudikira masiku 28 isanakwere pakhoma. Dothi likachuluka dongo njerwa imang'ambika pouma. Likachuluka mchenga imanyenyeka m'makona. Kontirakitala wothamangira malipiro akayamba kumanga pa sabata imodzi, khomalo limayamba kufumbuka mvula yoyamba yomweyo. Maziko akhale okwera ndithu kuti madzi odontha padenga asamathovukire pakhoma, ndipo matabwa a denga apakidwe mankhwala a chiswe asanakhomedwe.

Zovuta zilipo. Ntchito yawo imayamba ndi kufunsa anthu, kuyesa dothi ndi kuphunzitsa amisiri, ndiye amene akufuna pulani pa masabata awiri adzaona ngati akuchedwa. MASS ndi bungwe losafuna phindu, ndipo ntchito zake zambiri zimayenda ndi thandizo la mabungwe kapena boma: zipatala, sukulu, malo achikumbutso monga National Memorial for Peace and Justice ya ku Montgomery, Alabama, yomwe inatsegulidwa mu 2018. Wofuna nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 apite kwa katswiri wakonkuno. Chinanso, nyumba yokongola chonchi imadalira ndalama zokonzetsera chaka ndi chaka, zomwe zipatala za m'maboma zimasowa. Ngalande ya padenga ikatsekeka ndi masamba osachotsedwa, madzi amatsikira pakhoma la dothi lija.

Mpingo, khonsolo kapena bungwe loganiza zolemba ntchito kampani yakunja yotereyi lifunse zinthu izi musanasainirane: ndani adzakhale pamalo omangira tsiku ndi tsiku, ndipo kwa miyezi ingati? Ndi katswiri uti wolembetsedwa ku Board of Architects and Quantity Surveyors kuno kwathu amene adzagwire nawo ntchito n'kupititsa mapulani ku khonsolo? Muumirirenso kuti amange kaye kakhoma koyesera ka mita imodzi, kathiridwe madzi masiku angapo inu mukuona, musanavomereze njerwa zonse.