Laser kapena Hobie 16: ife okhala ku Lilongwe kuno tigule boti liti?

Funso ili landipeza katatu mwezi uno wokha, omaliza ndi alamu anga a ku Area 47 amene anaona zithunzi pa foni yanga nkuyamba kuti "alamu, inenso ndikufuna kaboti ka thanga ngati kameneka, ndigule kati?" Ndiye ndati bola ndingolemba kamodzi kuti wina akafunsanso ndizingomutumizira. Ndikukamba za maboti ang'onoang'ono oyenda ndi mphepo, opanda injini, osewerera pa wikendi, osati a asodzi ayi. Amene ndawayendetsapo mokwanira kuti ndilankhule ndi awiri, Laser ndi Hobie 16, ndipo awiriwa ndi amenenso anthu amakanganirana kwambiri.

Tisanafike pa maboti eniakewo tiyambe tavomereza kuti ife tili ku Lilongwe, sitili kunyanja. Kuti ukafike ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 120 pa M14 kudutsa ku Salima, ndipo ndi mmene mafuta amavutira nthawi zina ulendo umenewo sungaupange Loweruka lililonse. Madzi amene tili nawo pafupi ndi a Kamuzu Dam ku Malingunde uko, kudzera ku Likuni, komwe kuli Lilongwe Sailing Club. Mphepo ya pa damu ndi ya kunyanja si zofanana olo pang'ono. Pa damu imabwera moduladula, pano yachokera uku pano yatembenuka chifukwa cha mitunda ndi mitengo ya m'mbali, mafunde palibe kwenikweni. Kunyanja kukakhala mwera, makamaka Juni, Julayi mpaka Ogasiti, imawomba kuchokera kummwera chakummawa masiku angapo osapuma ndipo mafunde ake ndi oti asodzi amene anabadwira konko amakokera mabwato kumtunda nkukhala pansi. Ndiye ukamasankha boti ukusankhanso madzi amene uziyendapo.

Laser, imene masiku ano akuitchula kuti ILCA, ndi ya munthu mmodzi. Anaijambula ndi Bruce Kirby wa ku Canada, inayamba kugulitsidwa cha mu 1971 ndipo ili pa Olympics kuyambira 1996. Kutalika mamita 4.2, thupi lake lokha limalemera makilo osafika 60, kutanthauza kuti anthu awiri mutha kuinyamula nkuika pamwamba pa galimoto bola pakhale zitsulo zolimba zomangirirapo. Mlongoti wake ndi mapaipi awiri olumikizana, ulibe mawaya ougwira m'mbali, umangolowetsa thanga ngati sokisi nkuuimika pa dzenje lake basi, ukazolowera mphindi 15 sizikwana uli kale pamadzi. Chimene ndimaikondera kwambiri nchakuti thupi ndi limodzi lomwelo koma mathanga alipo atatu: lalikulu la masikweya mita 7.06, lapakati limene ambiri amati Radial la 5.76, ndi laling'ono la 4.7. Ndiye bambo wa makilo 80 atha kuyendetsa mmawa ndi lalikulu, masana mwana wa fomu 2 nkuvekapo laling'onolo, umangosintha thanga ndi paipi yapansi ya mlongoti.

Koma Laser si yofewa ayi, ndisakunamizeni. Mphepo ikakula umayenera kukola mapazi pa lamba wa pakati nkutulutsa thupi kunja kwa boti kuti lisapendekeke, ntchafu ndi mimba zimawotcha, tsiku lotsatira kukwera masitepe a ku ofesi umamva ndithu. Ndipo ukamathamanga mphepo ili kumbuyo imayamba kugwedezeka uku ndi uku kenako phwaa m'madzi usanadziwe nkomwe. Kupidiguka upidiguka, zimenezo palibe wozemba. Ubwino wake ndi woti umaidzutsa wekha: umasambira kuzungulira, kugwira thabwa limene limatulukira pansi pa boti (loliteteza kuti lisamatsetserekere cham'mbali), kulikanikiza ndi thupi lako lonse, boti limaimirira, wakwera, ukupitiliza. Ine tsiku langa loyamba pa damu ndinagwa kanayi ndipo kanayi konse ndinadzuka ndekha popanda wondithandiza, chimenecho ndi chimene chinandichotsa mantha a madzi.

Hobie 16 ndi nyama ina. Ndi ya Hobie Alter wa ku California, inatuluka cha mu 1970, ili ndi matupi awiri owonda ngati nthochi olumikizidwa ndi zitsulo, pakati pali chinsalu cholimba chokhalapo. Kutalika mamita 5, mulifupi mamita 2.4, kulemera makilo 145, mlongoti mamita 8, mathanga awiri onse pamodzi pafupifupi masikweya mita 20, ndiye yerekezani ndi 7 ya Laser ija muone kusiyana kwa mphamvu. Ilibe thabwa la pansi, mapangidwe a matupiwo ndi amene amaiteteza kuti isamatsetserekere cham'mbali, ndipo ziwongolero zake zimadzuka zokha zikagunda mchenga, choncho umangoithamangitsa mpaka pagombe nkutsika. Pa mchenga wa Senga Bay imeneyi ili kwawo. Mwera wapakatikati ukamawomba, thupi limodzi ladzuka m'mwamba, iwe wadzikola pa waya uli chiimire kunja kwa boti madzi akuthamanga pansi pako, chilumba cha Namalenje chikuyandikira ngati wina akuchikoka ndi chingwe, aaa zimene zija sindinazimvepo pa chinthu china chilichonse. Nchifukwa chake pa mpikisano uja wa chaka ndi chaka wa Lake Malawi Sailing Marathon, umene umayambira ku Mangochi cha mu Julayi kulowera kumpoto makilomita opitilira 500, maboti amene mumawaona ndi a matupi awiri ngati amenewa. Aliyense amene waonapo amafuna Hobie, inenso ndinaifuna.

Tsono imvani mbali inayo, pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu amalakwitsa. Hobie ikagwa sudzutsa wekha pokhapokha uli chimunthu cholemera zedi kapena uli ndi thumba lodzazamo madzi lokuwonjezera kulemera. Imafuna anthu awiri olemera pamodzi makilo 130 kapena kuposa, mutaimirira pa thupi lapansilo, mukukoka chingwe choponyedwa pamwamba pa thupi linalo, komanso mutailozetsa bwino kumphepo kuti mphepoyo ikuthandizeni. Ndipo ili ndi khalidwe lake lodziwika dziko lonse: mukathamanga kwambiri mphepo ili cham'mbuyo, mphuno ya thupi la kunsi kwa mphepo imalowa m'madzi, boti limaima chiriri nthawi yomweyo nkugudubukira kutsogolo, amene anali pa waya amaponyedwa kukagunda mawaya a mlongoti. Zinatichitikira ine ndi mphwanga Julayi wina ku Senga Bay. Tinali titamva chenjezo la mwera la a zanyengo pa wailesi koma mmawa nyanja inkaoneka yabata ndiye tinalowa, pofika cha m'ma 10 zinthu zinasintha, mphuno inalowa ndipo tinapezeka m'madzi. Mlongoti unali ndi kabowo kamene sitinakadziwe, unamwa madzi, boti linatembenuka chadodolido mlongoti kuloza pansi. Tinalimbana nalo pafupifupi ola lathunthu, mphwanga akunjenjemera milomo itachita kuyera, mphepo ikutikankhira kutali ndi gombe. Anatipulumutsa ndi asodzi atatu amene ankabwerera ndi boti la injini, anatiponyera chingwe nkutithandiza kulitembenuza, mkulu wawo anangoti "achimwene, mwera sasewera nawo, mukanafunsa kaye ife." Mpaka lero ndisanakankhire boti m'madzi ndimayamba ndapita kukawapatsa moni asodzi nkufunsa mmene akuionera nyanja, komanso komwe atchera maukonde kuti ndisakawadulire ndi chiwongolero. Tinapulumukanso chifukwa tonse tinali titavala laifi jaketi ndipo sitinalisiye botilo kuti tisambire kupita kumtunda, ukalisiya anthu sakuonanso pakati pa mafunde.

Pa damu napo Hobie imavuta mwa njira ina. Kukhota modutsa mphepo ya kutsogolo imachedwa, ukalakwitsa pang'ono imangoima mphuno kuloza kumphepo nkuyamba kubwerera chambuyo, umayenera kusiya kathanga kakutsogolo kagwire mphepo mbali yolakwika kaye kuti kakankhe mphunozo. Kunyanja vuto limenelo ndi laling'ono poti umayenda mtunda wautali usanakhote, koma pa damu pomwe gombe lili pafupi ndipo mphepo ikusinthasintha umakhota pafupipafupi, wa Laser amakudutsa uku iwe ukulimbana ndi zingwe. Laser imatembenuka ngati njinga, ndipo mphepo yoduladula ija ndi imene imakuphunzitsa kuwerenga madzi, kuona pamene pachita kuda kuti apo pakubwera kamphepo.

Nkhani yosunga ndi kunyamula ndiye Laser yawina kutali. Imakwana m'mbali mwa nyumba, kuivundikira chadodolido pa matayala akale nkufunditsa lona, basi. Hobie imafuna thirela, galimoto yokoka, bwalo lalikulu, ndipo kuimika mlongoti wa mamita 8 ndi ntchito ya anthu awiri, chonde yang'anani m'mwamba kaye ngati palibe mawaya a magetsi chifukwa mlongotiwo ndi wa aluminiyamu ndipo kunja kuno anthu afapo ndi zimenezo. Ngati muli ndi achibale kapena kanyumba ku Salima koti lizikhala konko litamangidwamangidwa, apo nkhani yasintha. Ngati mulibe, ndaona ndi maso anga ma Hobie atangokhala kuseri kwa nyumba m'ma Area umu, chinsalu chapakati chitapsa ndi dzuwa, eni ake akudikira tchuthi cha Disembala.

Atsopano kuno sitigula, tonse timagula akaunjika kwa anthu amene akuchoka m'dziko muno kapena ochokera ku Joni, ndiye dziwani poyang'ana. Pa Laser malo oyamba ndi dzenje la mlongoti: thiranimo madzi mpaka kudzaza, dikirani mphindi zingapo, akatsika ndiye kuti pansi pake pang'ambika ndipo tsiku lina mlongoti udzaboola nkung'amba pamwamba ponse. Kenako dindani ndi dzanja pamene munthu amakhala, pakamabonyoka ngati buledi ndiye kuti faibagalasi yalekana ndi za mkati. Muinyamulenso, ikalemera modabwitsa yamwa madzi. Pa Hobie dindani pamwamba pa matupi onse awiri kutsogolo kwa zipilala zakutsogolo zimene zimanyamula zitsulo za chinsalu chokhalapo chija, ndi pamene pamayamba kufewa, muone mawaya ogwira mlongoti ngati alibe tizingwe tothothoka, mugwedeze thupi limodzi muone ngati linalo likutsatira limodzi kapena likulendewera, ndipo mlongotiwo muumize m'madzi muone ngati ukutulutsa thovu, phunziro limenelo ndinalilipira kale ine. Masipeya amachokera kunja ndipo ndi mmene foreksi ilili, boti la zida zochepa ndi limene limakhala pamadzi. Laser zida zake ungaziwerenge ndi zala, Hobie ili ndi mawaya, mapule oyendamo zingwe, ziwongolero ziwiri ndi timapini tosawerengeka, kamodzi kakasowa mu mchenga wikendi yatha.

Pali ina yachitatu imene anthu amaiiwala, Mirror, ya mathanga ofiira ija. Ndi ya ku England, ya 1962, mamita 3.3, yopangidwa ndi pulayiwudi yosokedwa ndi waya nkumata. Siithamanga koma imanyamula bambo ndi mwana bwinobwino, utha kuipalasanso ndi nkhafi mphepo ikatha, ndipo ikabooka kalipentala wodziwa ntchito atha kuikonza bola apeze pulayiwudi yosaopa madzi, yawamba ija imafufuma mvula imodzi yokha. Kwa ana osapitilira zaka 15 pali Optimist, kabokosi ka mamita 2.3, mwana amayendetsa yekha inu mukumuyang'anira chapafupi.

Ndiye alamu anga ndinawayankha kuti gulani Laser, makamaka yokhala ndi thanga lapakati lija poti thupi lawo si lalikulu, muphunzirire pa damu chaka chathunthu, mugwe, mudzuke, muzolowere. Iwo anati koma amafuna kumakwera ndi akazi awo, achemwali anga, ndipo apo mpomveka chifukwa Laser anthu awiri akuluakulu mumapanikizana ndipo imayenda molemedwa. Pamenepo ndinati ngati nkhani ndi yokwera awiri mwaphee sakani Mirror, ngati nkhani ndi liwiro pitani kaye ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear mukakwere Hobie ndi munthu woidziwa, mumupemphe kuti muigwetse dala pafupi ndi gombe tsiku la mphepo yochepa, muone ngati awirinu mungaidzutse. Mukaidzutsa kawiri motsatizana komanso mwapeza poisunga kunyanja konko, gulani, ndidzabwera ndekha kudzakuthandizani kuimika mlongoti. Ndinawakumbutsanso za likodzo, madzi a m'mbali momwe muli udzu ndi nkhono amakhala nalo, ndiye amene timalowa m'madzi pafupipafupi tizikayezetsa kuchipatala osadikira kuona magazi mu mkodzo.

Loweruka likubwerali tagwirizana kuti tinyamuka 7 koloko mmawa kupita ku Malingunde, ndawabwereka laifi jaketi ya mphwanga ndipo ndaveka kale thanga la 4.7 kuti ayambire pamenepo, chinthu choyamba chimene ndikawaphunzitse ndi kugwetsa boti pamadzi ofika m'chifuwa nkulidzutsa okha.