Semesita imodzi ku Ås, Norway: zomwe ndinaona m'pulogalamu yosinthana ophunzira

Anzanga angapo akhala akundifunsa ngati pulogalamu yosinthana ophunzira, imene inanditengera ku Norway kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Disembala, ndi yoyenera kuikhetsera thukuta. Ndine mwana wa ku Bembeke m'boma la Dedza, ndinakulira m'munda wa mbatata ya kachewere, ndipo ndikuchita maphunziro a zaulimi. Yankho langa ndi lakuti ndi yoyenera, makamaka ngati akukutumizani ku tauni yaing'ono.

Tauni ya Ås ili pa mtunda wa mphindi pafupifupi 30 pa sitima kuchokera ku Oslo, ndipo moyo wake wonse watsamira pa yunivesite ya NMBU, imene inayamba mu 1859 ngati sukulu ya zaulimi. Poyamba ndinakhumudwa, chifukwa ndinkayembekezera mzinda wa nyumba zosanja, koma ndinapeza minda, makola a ng'ombe ndi nkhalango. Patatha milungu iwiri ndinazindikira kuti kuchepa kwa tauniyo ndiko kunali phindu langa. Kuchokera kogona kupita m'kalasi ndinkayenda wapansi, ndalama ya ulendo sinkatuluka m'thumba, ndipo aphunzitsi anandidziwa msanga. Kumeneko mphunzitsi wamkulu amamuitana ndi dzina lake loyamba, chinthu chimene pakamwa panga panakana kwa mwezi wathunthu, poti kwathu munthu wamkulu sitimutchula dzina mwachisawawa.

Pa maphunziro ndiye palibe chodandaula. Semesita yonse imakhala ya makirediti 30 a ECTS, njira ya ku Ulaya yowerengera kuchuluka kwa maphunziro, ndipo ntchito yambiri imachitikira mu labotale ndi m'munda. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya chiwawu cha mbatata. Bungwe la kafukufuku la NIBIO, limene likulu lake lili ku Ås komweko, lili ndi njira yotchedwa VIPS, imene imatenga kutentha ndi chinyezi cha mumpweya n'kuchenjeza alimi kuti masiku ano ndi oopsa, ayenera kupopera mankhwala. Nditaona zimenezi ndinakumbukira bambo anga atasenza sipuleya m'nyengo ya mvula, akupopera sabata ndi sabata mongoganizira, nthawi zina masamba atada kale. Matenda ake ndi omwewo, kusiyana n'kwakuti mlimi wa kumeneko amauzidwa chiwawu chisanagwe. Usiku umenewo ndinawaimbira foni, ndipo anangoti, "Mwanawe, ubwere nazo zimenezo."

Aliyense amaopa kuzizira, ndipo ineyo ndinkadzidalira kuti munthu wozolowera chisanu cha Juni ku Dedza sangavutike. Kuzizira kunapiririka ndithu, chifukwa m'nyumba mumakhala motentha ndipo jekete yabwino imapezeka yotsika mtengo m'sitolo za kaunjika. Chimene sindinakonzekere ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka itadutsa 9 koloko m'mawa n'kulowa itangopitirira 3 koloko masana, moti munthu umalowa m'kalasi kuli mdima n'kutulukanso kuli mdima. Mnzanga wa ku Norway, amene tinkaphikira khitchini imodzi, anandipatsa kachipangizo konyezimira kopachika pa jekete kuti magalimoto azindiona, komanso botolo la mafuta a nsomba okhala ndi vitamini D. M'khitchini momwemo ndimo ndinkaphika nsima Loweruka lililonse, ndi ufa wa chimanga wogula ku Grønland mu Oslo, ndipo pofika Novembala anthu asanu anali atadziwa kutema mbamu ndi dzanja. M'mzinda waukulu sindikukhulupirira kuti ndikanapeza abale otere.

Pa ndalama pafunika kusamala kwambiri. Ophunzira a pulogalamu yosinthana salipira fizi, ngakhale kuti mu 2023 dziko la Norway linayamba kulipiritsa ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya, koma chakudya n'chokwera mtengo, ndipo kudya m'lesitilanti ndi nkhani yongoiwala. Popeza ulendowu umapitirira masiku 90, pamafunika chilolezo chokhalira m'dzikomo, choncho mapepala ayambeni mukangolandira kalata. Ndalama yanga ya mwezi woyamba inachedwa milungu itatu ku ofesi ina, ndipo ndinapulumukira ndalama imene amalume anandipatsa atagulitsa mbatata ku Lizulu.

Chondipweteka mpaka lero ndi phunziro limodzi limene silinawerengeredwe nditabwerera. Ndisananyamuke tinasainirana pepala la mgwirizano losonyeza maphunziro amene ndikachite, koma nditafika ndinasintha phunziro limodzi chifukwa nthawi zinkawombana, ndipo ndinangodziwitsa a kusukulu yanga ya kuno pa foni popanda kusainitsanso. Makirediti 10 amenewo ndikuwabwezera chaka chino, pamene anzanga amene tinayamba limodzi akulemba kale kafukufuku wawo womaliza.