Castle Forbes, Taylor ndi Proraso: kirimu yodula imaposadi pometa?

Anzanga ometa ndi bulashi komanso lezala imodzi, mayina a makirimu ndi sopo wometera amene timangomva paliponse ndi omwewo, Proraso, Taylor of Old Bond Street, Trumper, Arko, kenako basi nkhani yatha. Castle Forbes anthu saitchula kwambiri, ena akamva dzinali amayamba kaye kufunsa ngati ndi wisiki wa ku Scotland. Ndiye ndaiika pambali pa ziwiri zodziwika zija, Taylor ya sandalwood ndi Proraso yobiriwira, kuti tione ngati kudula kwakeko kumafika pachibwano kapena kumangothera pa dzina ndi chivundikiro chokongola.

Castle Forbes imachokera ku Aberdeenshire, ku Scotland, ndipo dzinalo ndi la nyumba yeniyeni yachifumu ya banja la Forbes, pafupi ndi Alford, komwe kuli kamalo kakang'ono kopangira mafungo. Kirimu yake imabwera m'chibotolo chakukamwa kwakukulu cha 200 ml, mafungo odziwika ndi lavender (chitsamba chonunkhira), lime (chipatso chonga ndimu), komanso cedarwood yosakaniza ndi sandalwood (mitengo yonunkhira). Taylor ndi nkhalamba ya ku London, inayamba mu 1854, sitolo yake masiku ano ili pa Jermyn Street ngakhale dzina likadali kunena za Old Bond Street, ndipo kambale kake ndi ka 150 g. Proraso ndi ya ku Florence, ku Italy, kampani ya Ludovico Martelli inayamba mu 1908 koma dzina la Proraso linadzatuluka mu 1948, chubu chake ndi cha 150 ml. Pa mtengo ndiye zili poyera, Proraso ili pansi, Taylor pakati, Castle Forbes ili kumwamba ndithu ndipo sipezeka wamba.

Chinthu chimene ambiri sachita ndi kutembenuza botolo n'kuwerenga tizilembo takumbuyo. Mukatero mupeza kuti zonse zitatu maziko ake ndi amodzi: stearic acid, mafuta ochokera ku kokonati, potassium hydroxide ndi glycerin. Stearic acid ndi amene amapangitsa thovu kukhala lolimba ndi lokhalitsa, mafuta a kokonati amathandiza kuti lituluke msanga, potassium hydroxide ndi amene amasandutsa mafutawo kukhala sopo wofewa m'malo mwa chigumu cholimba chimene sodium hydroxide amapereka, pomwe glycerin amagwira madzi kuti thovu lisaume pankhope. Ndiye palibe matsenga apa, kirimu yometera ndi sopo wofewa basi, kusiyana kuli pa muyezo wa zinthuzi, kuchuluka kwa madzi amene athiramo kale ku fakitale, ndi zimene aikamo kuti inunkhire.

Pa thovu ndi pamene Castle Forbes imaonetsa kuti si masewera. Ndi yokhuthala kwambiri, mukalowetsa chala mumamva kuti ndi yolimbirapo kuposa Taylor, ndipo kangachepe kongokwana kunsonga ya chala kamadzaza bulashi mpaka kukwanira kupaka katatu. Kungoti imamwa madzi heve. Mukaithira madzi omwe mumathira ku Proraso mupeza chiphalaphala chomata, chooneka bwino pagalasi koma lezala ikudumphadumpha, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaiweruza molakwika n'kunena kuti ndalama zawo zapita pachabe. Muzithira madzi timadontho, kutakasa, kuthiranso, kutakasa, mpaka thovu liyambe kunyezimira ndipo tinthubwinthubwi tating'ono tija tisaonekenso. Zimatenga kanthawi, mwina mphindi imodzi kupitirira zinazo, koma likafika pake limakhala lolemera ndi lonyowa nthawi imodzi.

Taylor ndiye yosavuta kuposa zonse, iyi ngakhale munthu amene wagwira bulashi lero lomwe atulutsa thovu la bho. Mungogunditsa nsonga za bulashi yonyowa m'kambale, kupita kunkhope, masekondi angapo thovu lasefukira. Imakhululuka, madzi akachuluka pang'ono kapena kuchepa pang'ono mumetabe bwinobwino. Kwa ine apa Taylor imapambana poyera, makamaka m'mawa munthu uli pa changu.

Proraso imatulutsanso msanga koma thovu lake ndi lopepukirapo, ndipo mukachedwa pa tsaya limodzi tsaya linalo limayamba kuuma, muyenera kubwerezako ndi bulashi. Si vuto lalikulu, ndi mmene ilili.

Koma tisamapusitsidwe ndi kuchuluka kwa thovu, chifukwa lezala sidutsa pa phiri la thovu lija mumajambulitsa, imadutsa pa kagawo kopyapyala kamene kamatirira pakhungu. Chofunika ndi kuterera. Ndipo pali kuterera kuwiri, kwa nthawi imene thovu lilipo ndi kotsalira lezala ikadutsa kale. Kotsalirako ndi kumene ndimayang'ana kwambiri ine, chifukwa tonse timachita zija zobwereza pamalo amodzi pansi pa chibwano popanda kupakanso thovu ngakhale tikudziwa kuti n'zoletsedwa. Yesani chonchi, metani tsaya limodzi, nyowetsani chala, kenako muchiyendetse pomwe mwameta. Ndi Castle Forbes chala chimatsetsereka bwinobwino, ndi Taylor chimatsetserekabe koma pang'ono, ndi Proraso chimayamba kugwira msanga. Kusiyana kwa Castle Forbes ndi Proraso kumamveka ndithu, koma kwa Castle Forbes ndi Taylor ndi kochepa, moti mutandimanga m'maso n'kunditseka mphuno sindikulonjeza kuti ndingazisiyanitse nthawi zonse. Ndipo Proraso yothiridwa madzi okwanira imaposa Castle Forbes youma, izi nzosakambirana.

Fungo ndiye nkhani ina, apa ndi pamene ndalama zambiri zija zikupita. Castle Forbes amagwiritsa ntchito mafuta ofinyidwa ku zomera zenizeni, ndiye ya lime imamveka ngati mwangokanda khungu la chipatsocho pompano, yowawasa, yoyera, yopanda kutsekemera kwa perefyumu, ndipo ya lavender imanunkhira chitsamba chenicheni mpaka kakuwawa kake komwe. Fungolo silikhalitsa, mukatsuka nkhope latha, zomwe ndi zabwino ngati mumapaka perefyumu yanu pambuyo pake chifukwa sizilimbana. Taylor ya sandalwood ndi perefyumu yosakaniza, yotentha, yonga ya sopo wa abambo akale, imadzaza bafa lonse ndipo imakakamira pang'ono pakhungu ndi pa bulashi. Ena amaikonda mpaka sagula china, ena imawalemera. Musayembekezere fungo la mtengo wa sandalwood weniweni, ndi fungo lopangidwa mochita kukonza, lokoma m'njira yake. Proraso yobiriwira ndi eucalyptus (bulugamu) ndi menthol, imazizira pankhope ndipo mukatsuka ndi madzi ozizira mumamva ngati mphepo ikukuombani, masiku otentha palibe ina mwa ziwirizi ingaipose pamenepo.

Tsono chenjezo kwa a khungu losachedwa kupsa mtima. Mawu oti zachilengedwe asakunyengeni, mafuta a zomera nawonso amayabwa. Mu zipatso za gulu la lime muli limonene, mu lavender muli linalool, ndipo zonsezi zili pa mndandanda wa zinthu zimene malamulo a ku European Union amati zilembedwe pa botolo zikapitirira muyezo wina chifukwa anthu ena zimawatulutsa zidzolo. Perefyumu ya Taylor nayo imatha kutentha ena, menthol wa Proraso chimodzimodzi. Ndiye kaya yodula kaya yotchipa, pakani kaye pang'ono mkati mwa mkono mudikire tsiku, kusiyana n'kuti muzindikire nkhope yonse itafiira. Proraso ili ndi yoyera ya green tea ndi oat imene anapangira khungu lovuta, Taylor nayo ili ndi ya Jermyn Street ya ntchito yomweyo, ndiye pa kusankha kwa anthu otere makampani akuluwa ali patsogolo.

Ndipo poti tafika pa khungu, tinene za tiziphuphu tija totuluka pakhosi, madokotala amati pseudofolliculitis barbae, timene timavutitsa kwambiri ife a ndevu zopotana. Timabwera chifukwa tsitsi likadulidwa limakhala ndi nsonga yakuthwa, ndiye pomera limapindika n'kubaya khungu kapena kumera cham'kati. Palibe kirimu mwa zitatuzi imene ingathetse zimenezi payokha, ngakhale mutagula yodula bwanji. Chimene chimathandiza ndi kufewetsa ndevu ndi madzi ofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu musanayambe, kumeta motsatira kumene tsitsi lagonera, osakoka khungu, osakanikiza, kusintha lezala isanabunthe, ndi kusiya zometera za malezala ambirimbiri zimene zimakoka tsitsi n'kulidulira pansi pa khungu. Kirimu yoterera bwino imangothandiza kuti lezala isakande, ndipo pamenepo Castle Forbes ili ndi kamwayi pang'ono, koma ngati ndalama zikukwana chinthu chimodzi ine ndinganene kuti yambani ndi chometera chabwino cha lezala imodzi ndi paketi ya malezala akuthwa, kirimu yodula idikire.

Madzi anu nawo ali ndi mawu. Ngati ndi aja olimba, okhala ndi calcium ndi magnesium wambiri, amene amasiya zoyerayera pa mpopi ndi m'ketulo, amalimbana ndi sopo aliyense n'kupanga litsiro m'malo mwa thovu. Makirimu amapirirako kuposa sopo wolimba, ndipo zitatu zonsezi zimagwirabe ntchito, kungoti muyenera kutapa yochulukirapo. Apa phindu la Castle Forbes loti mumatapa pang'ono limachepa ndithu, ndiye muziganizirenso zimenezo powerengera kuti botolo likhala nthawi yaitali bwanji.

Za bulashi mwachidule, ya ulusi wopanga ija siimwa kirimu ndiye imagwirizana bwino ndi yodula chifukwa simutaya yambiri, ya ubweya wa nguluwe imadya thovu makamaka ikadali yatsopano ndipo ndimaiona kuti imayenderana ndi Proraso imene simuimvera chisoni pofinya. Ya ubweya wa badger, kanyama kakutchire, ili pakati, imasunga madzi ndi kutentha, ndi Taylor zimakhala bwino kwambiri.

China chaching'ono koma chenicheni ndi chotengera. Chubu cha Proraso mumangoponya m'chikwama pa ulendo, sichilowa madzi, sichiuma. Ziwiri zinazo ndi zotsegula pamwamba, ndiye mukamalowetsamo bulashi yonyowa tsiku ndi tsiku madzi amatsalira, bola kutapa ndi chala chouma kapena kasupuni n'kutseka mwamphamvu. Izi n'zofunika kwambiri ku Castle Forbes chifukwa botolo limakhala miyezi yambiri, ndipo mafuta a lime ndi amene amathawa msanga akamakumana ndi mpweya, mukalisiya pululu fungo lomwe munalipirira lija limazilala kirimu isanafike ndi pakati pomwe.

Ndiye ndani agule chiyani? Amene mukungoyamba, tengani Proraso kapena Taylor, muphunzire madzi ndi kagwiridwe ka lezala pa chinthu chosapweteka m'thumba, chifukwa miyezi yoyamba thovu lambiri limathera mu sinki. Amene mukufuna kambale kamodzi kodalirika tsiku lililonse popanda kuganiza, Taylor ikukwanirani. Castle Forbes ndi ya munthu amene dzanja linakhazikika kale, amene mafungo a perefyumu amamutopetsa ndipo akufuna kumva chomera chenicheni, komanso sadandaula kuima mphindi yowonjezera akuthira timadontho. Ine mwa mafungo ake ndingayambe ndi lime ngati khungu lanu silikana, ikakana pitani ku cedarwood ndi sandalwood, ndipo ngati wogulitsa ali ndi timasampulo tating'ono pemphani kameneko kaye, 200 ml ya fungo limene simukulikonda ndi yambiri zedi kuti muimalize.