Mikisa ya Analogi ndi ya Digito: Iti Ingagwire Ntchito Ziwiri?

Munthu wofuna mikisa (chipangizo chosakanizira mawu a maikolofoni ndi zida zoimbira) imodzi yotsika mtengo, yoti azigwiritsa ntchito pa zoimbaimba komanso pojambula nyimbo kunyumba, amasankha pakati pa ya analogi ndi ya digito. Ubwino wa ya analogi, monga Yamaha MG10XU, ndi wakuti chilichonse chili ndi batani lake, moti zokuzira mawu zikayamba kulira pakati pa nyimbo, dzanja limafika pamalo oyenera nthawi yomweyo. Vuto lake limaonekera pojambula, chifukwa mikisa yonga MG10XU kudzera pa USB imatumiza ku kompyuta mawu osakanizidwa kale m'njira ziwiri zokha, ndipo gitala ikaphimba mawu a woimba, simungathenso kuzilekanitsa.

Ya digito, monga Behringer XR18, imalandira maikolofoni 16, imatumiza njira iliyonse payokha, komanso imasunga mmene munaitcherera dzulo. Komabe ndi yokwera mtengo, ndipo nthawi zambiri mumaiyendetsa ndi tabuleti kudzera pa Wi-Fi, zomwe zimadetsa nkhawa holo ikadzaza anthu, popeza mafoni awo angasokoneze Wi-Fi.

Woimba yekha ndingamulangize kutenga ya analogi, bola ikhale ndi mphamvu ya magetsi ya 48V imene maikolofoni a condenser (ofala pojambula nyimbo mu situdiyo) amafuna, koma gulu lokhala ndi zida zambiri ndi bwino lidikire mpaka ndalama zogulira ya digito zitakwana.